Singano ya pa Denga la Chigafa

Mlongo wanga adamwalira fodya tili mkati momuthyola. Adali wamkulu kwa ine ndi zaka zinayi, ndipo m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru, padalibe womuposa pa ntchito yosoka fodya. Ine ndinkathyola masamba n'kumatuta, iye n'kumasoka atakhala pa chiguduli m'chigafa, miyendo atatambasula. Singano yake idali ya sipoko ya njinga, imene malemu bambo athu adamusulira. Akaweruka ankaisomeka pa udzu wa denga, pamwamba pa nsanamira yachiwiri, kuti ana asaiseweretse. Tsiku limene adayamba kudandaula mutu adaisomeka pomwepo, mzere wa masamba asadaumalize. Sabata isadathe tidamuika m'manda.

Singanoyo palibe adaichotsa. Ine ndi amayi tidapitiriza ntchito ndi masingano ena. Nthawi zina ndinkawaona amayi akukweza maso pa nsanamira ija, kenako n'kuwerama msanga ngati aona chinthu chosayenera kuonedwa.

Nyimbo idandibwerera m'chigafa momwemo. Sindidakhale pansi kuti ndipeke, ayi. Ndinkangong'ung'udza posoka, ndipo mawu adadza okha, limodzilimodzi, motsatira kulowa ndi kutuluka kwa singano. Ndime yoyamba idali yotere:

Singano yako ikadali pa denga,
ulusi wako sudathe,
mzere udausiya pakati,
ndani ausoke, mlongo wanga?

Ndipo poyankhira pake pankati: Kapume, kapume, komwe manja sada ndi utomoni. Aliyense amene adagwirapo fodya wamuwisi amaudziwa utomoni umenewo, umene umamata m'zala n'kudetsa manja sabata yathunthu ngakhale usambe ndi phulusa.

Amayi sindidawaimbire. Ndinkaimba iwo akapita kudambo kapena kumjigo. Ndinkaopa kuwaliritsa, komanso ndinkachita manyazi. Ndidali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sukulu nditalekeza Fomu 2, ndipo munthu wachilendo akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana zala zanga zakuphazi. M'kwaya ya kutchalitchi kwathu ndinkaimba tenala mzere wakumbuyo, pambali pa mnzanga wina wa besi, amene thupi lake linkandibisa bwino.

Kwaya yathu idali ndi lamulo lake pa nyimbo zatsopano. Tinkakumana Lachinayi masana. Tikatha kupemphera, amene wabwera ndi nyimbo ankaimirira kutsogolo yekha n'kuiphunzitsa: ayambe ndi asoprano, apite kwa aaluto, atenala, amalize ndi abesi. Anthu ankaseka, kutsutsa, ena kukuuza pamaso kuti nyimbo yako ikumveka ngati ya kumowa. Ukapirira mpaka mawu onse anayi atagwirana, mlembi ankatsegula buku lalikulu la chikuto cholimba n'kulemba mutu wa nyimbo, tsiku, ndi dzina la amene waimirira. Sankafunsa kuti wapeka ndani. Ankalemba amene wamuona ndi maso ake kutsogolo, chifukwa kuyambira kale wopeka ndi wophunzitsa adali munthu mmodzi.

Ndidailemba bwinobwino nyimboyo pa pepala la pakati pa kope, popanda chofufuta ngakhale chimodzi. Malachinayi atatu ndidapita nalo pepalalo m'thumba la malaya. Malachinayi atatu ndidabwerera nalo. Nthawi yoti ndiimirire ikakwana, ndinkangokhalabe pamalo panga.

Mnzanga wa besi ndi yekhayo amene ndidamuimbira, tikuchokera kokwaya.

“Iwe, wapeka wekha zimenezi?” adandifunsa ataima pakati pa njira.

“Eya.”

“Nanga ukuisungiranji m'thumba? Ukufuna iswe anapiye?”

“Ndikaimirira andiseka.”

“Akuseka, inde. Ine adandiseka mpaka mayi wina adatsamwa. Ndidafa? Imirira, mphwanga. Ukagwa ndidzakutola ndine, ndiwe wopepuka ngati phesi.”

Sindidamumvere. Ndidapeza njira ina imene ndinkaiona ngati yanzeru ndi yaulemu.

Wotsogolera kwaya yathu adali mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale, ndipo tonse tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Adandiphunzitsapo Sitandade 6. Ndiwo adandionetsa kawerengedwe ka do-re-mi, ndipo tsiku lina adauza kalasi yonse kuti ndili ndi khutu labwino. Mawu amenewo ndidawasunga zaka zambiri ngati mphatso. Pa maliro a mlongo wanga adafika m'mawa, natsogolera nyimbo mpaka kumanda. Ndinkawakonda, ndipo ndinkafunitsitsa kuti azindiona ngati mwana wabwino.

Loweruka lina m'mawa ndidapita kunyumba kwawo kusukulu. Ndidawapeza pakhonde akupukuta nsapato. Ndidakhala pansi chapatali, n'kuwomba m'manja.

“Kodi kwagwanji, mnyamata wanga?”

“Palibe, Aphunzitsi. Ndangobwera ndi kanyimbo kuti mukaone.”

Adandiuza kuti ndiimbe. Ndidaimba nditayang'ana ku mtengo wa mango. Nditamaliza adaika nsapato pansi. Adati ndibwerezenso, ndipo ulendo wachiwiri adalowetsa besi pansi pa mawu anga. Idamveka bwino mwakuti tsitsi lidandiimirira.

“Iyi ndi nyimbo,” adatero. “Ukaiphunzitse Lachinayi.”

“Ndi chimene ndabwerera, Aphunzitsi. Ine kuimirira kumandivuta. Ndimati mwina mukandiphunzitsire ndinu, ine ndizidzangothandiza kumbuyo.”

Adandiyang'ana kanthawi. Lero ndikakumbukira kayang'anidwe kameneko ndimadzifunsa ngati adaganiza pomwepo, kapena maganizowo adawabwerera pambuyo pake. Sindidziwa.

“Usadandaule,” adatero. “Bwera nalo pepalalo.”

Ndidawapatsa ndi manja awiri. Lina ndidalibe.

Lachinayi adaimirira, nati pali nyimbo yatsopano. Atayamba kuimba ndidamva kuti mawu ena si anga. Singano idachoka, m'malo mwake mudalowa nyali: Nyali yako ikadali kuyaka, mafuta ako sadathe. Utomoni udasanduka misozi. Mawu oti mlongo wanga adasanduka m'bale wanga. Koma kayendedwe ka nyimbo, kukwera ndi kutsika kwake, ndi pamene abesi amalowera, zonse zidali momwe ndidaziikira m'chigafa. Palibe adaseka. Amayi ena a aluto adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mawu anayi atagwirana, mlembi adatsegula buku n'kulemba.

Mnzanga wa besi adandigunda ndi chigongono. “Yankhula,” adanong'ona. Ine ndidadikira, poganiza kuti Aphunzitsi anena okha pomaliza. Adatseka ndi pemphero, anthu n'kubalalika.

Panja Aphunzitsi adandiitana. “Waona momwe aikondera? Mawu aja ndawakonza pang'ono. Fodya ndi masingano sizilowa m'nyumba ya Mulungu, ukudziwa iwenso. Komanso nyimbo iyenera kukhala ya aliyense, osati ya banja limodzi.”

“Zikomo, Aphunzitsi. Mwakonza bwino.”

“Za dzina lako usade nkhawa. Buku lija ndi mwambo chabe. Nthawi yake ikubwera.”

Ndidawakhulupirira. Masiku amenewo makwaya ambiri ankapita ku Lilongwe kukajambulitsa makaseti, ndipo mawailesi atsopano ankaulutsa nyimbo za m'midzi. Yathunso idakonza ulendo, fodya atauma. Nyimbo yanga idasankhidwa kukhala yoyamba pa kaseti. Galimoto idali ndi malo a anthu ochepa, ndipo Aphunzitsi adati atenala atatu akwanira. Ine ndidali wachinayi. Sindidadandaule, poti sabata imeneyo tinkasankha fodya ndipo amayi adali okha. Dzulo la ulendo ndidalemba dzina langa lonse pa kapepala, m'zilembo zazikulu kuti osindikiza asalakwitse, n'kukawapatsa. Adakapinda n'kukaika m'thumba la jekete.

“Lidzakhala pa chikuto,” adatero. “Amayi ako adzaliwerenga ndi maso awo.”

Kaseti isadafike m'mudzi, uthenga udafika kuti Lamulungu masana Aphunzitsi adzayankhula pa wailesi, pa pologalamu ya nkhani za oimba ndi olemba mabuku. Tchalitchi chonse chidauzidwa. Ine ndidagula mabatire atsopano pa Nsaru. Ndidapukuta wailesi ya malemu bambo n'kuiika pa mpando pakhonde. Anthu oyandikana nafe adabwera ndi mphasa zawo, ngakhale banja la matenanti la pa esiteti yapafupi, lochokera ku Phalombe, limene mayi wake ankasoka fodya limodzi ndi mlongo wanga.

“Amayi, mumvetsere bwino lero,” ndidawauza. “Mumva kanthu.”

“Kanthu kanji?”

“Mungomvetsera.”

Woulutsa adayamba ndi nkhani ya buku lina latsopano la ndakatulo, kenako ya mnyamata wojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala. Ine zonsezo zinkangondidutsa. Kenako adati ali ndi mlendo wochokera kumidzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo adaika nyimbo. Pakhonde padati zii. Ndidamva mawu a mnzanga wa besi akutuluka m'kabokosi kaja, akulowa pamalo penipeni pamene ndidawakonzera.

Nyimbo itatha woulutsa adafunsa Aphunzitsi kuti nyimbo yokhudza chonchi adaipeka bwanji. Adatsokomola pang'ono, monga ankachitira asadayambe phunziro. Adati m'kwaya mwawo muli mnyamata wina wofatsa amene adataya mlongo wake nthawi yothyola fodya. Adati chisoni cha mwanayo chidawasowetsa mtendere, ndipo tsiku lina atakhala pakhonde, akuyang'ana mtengo wa mango, nyimbo idangowatsikira yonse.

Adanditchula, koma ngati mwana womvetsa chisoni. Ngakhale mtengo wa mango umene ndinkayang'ana ine poimba adautenga.

Amayi adalira. Mayi wa ku Phalombe adawagwira paphewa. Atapukuta misozi adatembenukira kwa ine.

“Ndiye kanthu kaja n'kameneka? Iwe unkadziwa kuti Aphunzitsi apekera mwana wanga nyimbo, osandiuza?”

Anthu onse ankandiyang'ana mokondwa. Ndidati, “Eya, amayi.” Ndidanyamuka ngati ndikukaona mbuzi, n'kukaima kuseri kwa nkhokwe mpaka onse atapita.

Patatha masiku ndidalimba mtima n'kupita kusukulu. Njira yonse ndinkabwereza zoti ndikanene. Ndidawapeza ali ndi katoni ya makaseti. Asadandilole kuyankhula adatulutsa imodzi n'kundipatsa. Pa chikuto padali chithunzi cha kwaya itavala yunifolomu, ndipo pansi pake padalembedwa kuti nyimbo zonse adapeka ndi kukonza ndi Aphunzitsi.

“Aphunzitsi, dzina lija...”

“Osindikiza adati malo achepa. Ndipo adafunsa kuti buku la kwaya likuti chiyani. Nanga likuti chiyani?”

Ndidatembenuza kaseti m'manja.

“Adaimirira ndani tsiku lija? Iwe kodi?”

“Ayi, Aphunzitsi.”

“Waona. Tamvera, mwana wanga. Udabwera ndi mbewu, sindikana. Koma adalima ndani, adapalira ndani? Ndikadapanda ine, bwenzi ikuwolera m'thumba lako mpaka lero. Pano dziko lonse likulira mlongo wako. Si chimene unkafuna?”

“Nanga pepala langa lija?”

“Pepala? Ha, ana a m'nyumba muno ndi mapepala! Mwina adakulungira mtedza.”

Adaseka, n'kundisisita pamutu ngati ndikadali Sitandade 6. Chimene chimandiwawa kwambiri ndikakumbukira ndi chakuti ndidawomba m'manja n'kunena kuti zikomo chifukwa cha kaseti.

Mnzanga wa besi adafuna kuinena nkhaniyi pa kwaya. Ndidamuletsa. Adandiyang'ana mokwiya n'kunena kuti, “Iwe ngakhale akudule mwendo udzapepesa kuti wadetsa nkhwangwa.” Iye adali mboni yanga yokhayo, koma pa chikuto nkhope yake idalipo, ndipo kwaya idali itayamba kuitanidwa kutali, ku Nambuma ndi ku Namitete. Patapita milungu ingapo adasiya kuitchula nkhaniyo, ndipo ine sindidamukumbutse.

Fodya wa chaka chimenecho adatithandiza kumanga chiliza cha mlongo wanga. Amayi adati pa tsiku lochivundukula kwaya ibwere idzaimbe nyimbo ya pa wailesi. Adasankha tambala wamkulu woyera, amene tinkamusungira Khirisimasi, kuti akhale wothokozera Aphunzitsi. Adandituma ine kuti ndimugwire ndi kumumanga miyendo.

Tsikulo kudatentha. Anthu adadzaza manda mpaka kumsewu, ena obwera chifukwa chongofuna kuona kwaya ya pa wailesi. Nsalu itachotsedwa pa chiliza, Aphunzitsi adakweza dzanja, nyimbo n'kuyamba. Ine ndidali pamalo panga, mzere wakumbuyo. Ndinkayang'ana dzina la mlongo wanga pa simenti, anthu akuimba za nyali ndi mafuta. Mlongo wanga sadasiye nyali. Madzulo ankagona nkhuku zikangolowa, chifukwa cha kutopa. Nyimbo itatha amayi adayenda chogwada mpaka pamapazi pa Aphunzitsi, tambala ali m'manja. Iwo adamulandira, namupereka kwa mwana wa sukulu kuti akamumangirire pa njinga.

Sindidakonzekere chimene ndidachita. Mkulu wa mpingo adali atatsegula kale pakamwa kuti atseke mwambo, pamene ndidazindikira kuti ndatuluka mumzere ndipo ndaima pafupi ndi chiliza. Ndidaimba ndekha, ndi mawu ang'ono osweka, ndime yoyamba momwe idabadwira. Singano pa denga. Ulusi wosatha. Mzere wosiyidwa pakati.

Sindidafike patali. Kumbuyo kudayamba manong'onong'o. Bambo wina adati, “Mwanayu akuwononga nyimbo ya eni ake.” Mtsikana wina wa soprano adaseka n'kudzitseka pakamwa. Mkulu wa mpingo adati fodya satchulidwa pa mwambo wopatulika. Aphunzitsi adabwera modekha, nandikoleka dzanja paphewa, n'kuuza anthu kuti, “Musamudzudzule. Chisoni chimatero.” Anthu adavomereza, ena n'kuyamikira kuleza mtima kwawo. Adanditsogolera kubwerera kumzere, dzanja lawo likundifinya paphewa mwamphamvu kuposa momwe anthu ankaonera.

Alendo atadya n'kubalalika, dzuwa likadali pamwamba, amayi adandiitana. Sadalowe m'nyumba. Adanditsogolera kuchigafa, chimene chidali chopanda kanthu poti fodya adali atapita kale kumsika. Adaima pansi pa nsanamira yachiwiri.

“Aphunzitsi adalowapo muno?”

“Ayi, amayi.”

“Udawauzapo za singano iyi?”

“Idali m'nyimbo. Adaichotsa.”

Adakweza maso pa denga. Kenako adati, “Imba yonse.”

Ndidaimba, ndime zonse zitatu. Pofika pa utomoni adatambasula manja awo n'kuwayang'ana, kuseri ndi kuno. Sadalire monga adalirira pa wailesi. Nditamaliza adandifunsa chifukwa chimene sindidawaimbire poyamba pomwe.

“Ndinkafuna mukamve pa wailesi.”

“Wailesi ndiye mayi ako?”

Adanyanyamphira, nasolola singano ija pa udzu. Idali itachita dzimbiri. Adaipukuta pa chitenje n'kundipatsa.

Ndidaganiza kuti tsopano apita kwa akulu a mpingo, kapena atuma amalume. Ndidawafunsa. Adapukusa mutu.

“Ndagwada pamaso pa mudzi wonse. Ndikadzukenso mawa kukati bwezani tambala? Munthu uja ndi wamkulu, amaphunzitsa ana a abale ako. Buku lili kumbali yake. Tizisiye. Ine ndamva.”

Tidazisiya. Lachinayi lotsatira Aphunzitsi adandiimitsa pakhomo la tchalitchi, akumwetulira ngati palibe chidachitika. Adati anthu a ku Lilongwe akufuna kaseti yachiwiri, ndipo adandifunsa ngati ndili ndi kanyimbo kena. Ndidali nato tiwiri m'mutu. Ndidati ndilibe. Aka kadali koyamba kuwanamiza, ndipo adadziwa. Kuyambira tsiku limenelo sindidabwererenso ku kwaya, ndipo palibe adabwera kudzandifunsa chifukwa chake.

Nyimboyo idakalipo. Imaimbidwa pa maliro m'midzi yambiri, ndi mawu a nyali ndi misozi. Chaka china ndidapita ku maliro a mlamu wa mnzanga ku Kabudula, ndipo amayi a kumeneko adaiyamba pamene bokosi linkatuluka m'nyumba. Bambo amene ndidakhala naye pafupi atamva kumene ndimachokera adandigwira pabondo.

“Ndiye mumachokera kwawo kwa mphunzitsi amene adapeka nyimbo imeneyi, eti? Munthu uja Mulungu adamupatsa. Mumamudziwa?”

“Ndimawadziwa,” ndidatero.

“Nanga bwanji simukuimba nawo?”

Ndidamuuza kuti mawu ake sindiwadziwa bwino.